Apongozi anga ankangoti "eya" kuchipatala, ife n'kumati amva

Ndinalowa m'banja la Chiyao mu 2009. Kwathu ndi ku Dowa, ndine Mchewa, koma ananditenga chitengwa kubwera kuno ku Salima, m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'dera la mfumu yaikulu Maganga, ndipo ndinasilimuka polowa m'banjamo. Bambo a ana anga anapita ku Joni mu 2017 monga amachitira amuna ambiri a kuno. Pakhomo tinatsala ine, ana atatu ndi apongozi anga aakazi, amene ndimangowaitana kuti Mayi. Lero Mayi alibe zala ziwiri za phazi lakumanzere. Ndikaganiza bwinobwino, zala zimenezo sanazitaye chifukwa cha matenda okha. Anazitaya chifukwa sanamve zimene anauzidwa, ndipo ine amene ndinayenera kuonetsetsa kuti amva sindinatero.

Mayi anakulira ku Makanjira, m'boma la Mangochi, kuno anabwera atakwatiwa. Chichewa chawo ndi cha pamsika: moni, kunenerera usipa, kukalipira adzukulu. Nkhani ikazama amabwerera ku Chiyao. M'kalasi sanalowemo. Pa utsikana wawo sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapitako akamusintha chipembedzo, ndiye atsikana ambiri a msinkhu wawo anathera ku madrasa basi. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma poti pakhomo tinkamvana, kwina ndi pakamwa kwina ndi manja, ndinkaganiza kuti kulikonse kumene angapite amvana ndi anthu.

Chakumapeto kwa 2022 anayamba kuwonda. Madzi ankamwa ngati achokera kumunda dzuwa lili paliwombo, usiku n'kumadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi. Mwana wanga wamkazi ndiye anaona kuti pamene agogo ake atayira madzi pamasonkhana nyerere. Chizindikiro cha shuga chinali chomwecho, koma sitinachidziwe. Tinamvera za anthu. Ena ankati awalodza chifukwa cha munda wa mpunga umene ankalimbirana ndi achibale, ena ankanong'onezana za matenda aja. Tinayenda kwa asing'anga awiri, ndipo ndikaphatikiza ndalama, nkhuku ndi zoyendera, tinataya pafupifupi K40,000 ndi miyezi iwiri. Chonsecho kuyezetsa shuga ku chipatala cha boma n'kwaulere. Amangobaya chala, mphindi yomweyo namba yatuluka.

Tsiku limene anapita kuchipatala, mu Januwale 2023, ine sindinapite nawo. Ndinali pakalikiliki kuwokera mpunga, komanso inali nthawi ya kolera, ndinkaopa kukhala tsiku lonse pamzere ndi khanda kumsana. Ndinawapatsa mwana wanga uja, wa zaka 12, poti amalankhula zilankhulo zonse ziwiri. Sindinaganize kuti Chiyao cha mwana ndi cha kumasewera ndi kumtondo, ndipo Chichewa cha kuchipatala ngakhale ine wamkulu chimandisokoneza.

Anabwerako madzulo ndi kabuku ka kuchipatala kolembedwa m'Chingerezi ndi timapepala tiwiri ta mapilisi. Ndinafunsa kuti, "Mayi, adokotala ati bwanji?" Anayankha mawu amodzi, "Shuga." Mwana anawonjezera kuti, "Akuti asamadye shuga, azimwa mankhwala m'mawa ndi madzulo." Nkhani inathera pomwepo. Patapita miyezi ndi pamene mwanayu anandiuza kuti m'chipindamo anakhalamo mphindi zochepa chifukwa panja panali chinamtindi cha anthu, ndipo chilichonse chimene adokotala ankanena, agogo ake ankagwedeza mutu n'kumati "eya, eya". Adokotala atafunsa ngati amva, anati eya.

Ichi mundimvetse bwino, chifukwa n'chimene chinatipweteka. Munthu wamkulu wa msinkhu wa Mayi sangauze munthu wovala zoyera kuti "sindinamve". Kwa iwo kutero ndi mwano, komanso ndi kudziyalutsa pamaso pa mdzukulu. "Eya" wawo amatanthauza kuti ndikukulemekezani, osati ndamvetsa. Adokotala analibe njira yodziwira zimenezi pa mphindi zitatu. Ine amene ndakhala nawo zaka zoposa khumi ndinayenera kudziwa.

Mawu oti asamadye shuga tinawamva ngati akunena shuga wa m'paketi. Tinamuchotsa mu tiyi n'kumaona ngati tatsata malangizo. Thobwa, Sobo, mandasi, mbale yodzaza mpunga, zonse zinapitirira monga kale. Mayina a mankhwala sindinawawerenge n'komwe. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ena anali metformin, ena glibenclamide, ndipo achiwiriwa amatsitsa shuga m'thupi kaya munthu wadya kaya sanadye.

Mwezi wa Ramadhan unayamba chakumapeto kwa Malichi. Mayi chiyambire utsikana wawo sanaphonyepo kufunga, kusala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Kuchipatala nkhani ya kufunga sinatuluke, nafenso sitinaganize zokafunsa. Anadzikonzera okha: mapilisi a m'mawa ankamwera pa daku, chakudya chodya kusanache, a madzulo pa futari, chakudya chomasulira dzuwa likalowa. Pa dakupo ankangomwa tiyi wopanda shuga ndi kachinangwa kamodzi, poti chilakolako cha chakudya chinali chitachepa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, cha m'ma 3 koloko masana, ndinawapeza pakhonde akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akulankhula zimene ngakhale adzukulu awo sankazimva. Mtima unandichoka. Ndinakuwa, anthu anathamangira. Pakati pawo panali mayi wina wa gulu la dawa, gulu la amayi lophunzitsana za chipembedzo kumzikiti kwathu, amene iyenso wakhala ndi shuga zaka zambiri. Anagwada, anawagwira pachipumi, anafunsa mafunso awiri m'Chiyao, kenako anandiyang'ana nati, "Bweretsani shuga ndi madzi, msanga."

Ndinakana. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Adokotala analetsa shuga, mukufuna muwaphe?" Ine m'mutu mwanga shuga anali atakwera. Sindinkadziwa kuti shuga amathanso kutsika mpaka kupha munthu, ndipo amapha msanga kuposa akakwera. Mayi uja sanalimbane nane. Anatuma mwana wake kunyumba kwawo, anasungunula masupuni atatu m'kapu ya madzi. Apongozi anga anafumbata milomo chifukwa dzuwa linali lisanalowe. Iye anawayandikira kukhutu n'kuwalankhula pang'onopang'ono m'Chiyao, mawu amene ine sindinawamve, mpaka anatsegula pakamwa. Pasanathe mphindi 15 maso awo anabwerera, anandizindikira.

Amene muli ndi wodwala shuga pakhomo, sungani ichi. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kuchita chizungulire kapena kubwebweta, makamaka ngati wamwa mankhwala koma sanadye, mupatseni chotsekemera nthawi yomweyo akadali wotha kumeza, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mupakeni shuga m'kati mwa tsaya, mumugoneke chammbali, muthamangire naye kuchipatala.

Pa njinga yamoto sakanatha kukhala, ndiye tinachita hayala galimoto pa K18,000. Mayi wa dawa uja anakwera nafe osapemphedwa. Kuchipatala ndiye ankalankhula, ndipo anachita chinthu chimene ine sichikanandibwerera m'mutu: anapempha anamwino kuti aone mapazi. Atamasula kansalu kamene Mayi anamanga kuphazi lakumanzere, fungo linadzaza chipinda. Pansi pa chala panali bala lakuya, chala china chitayamba kuda. Anali atabayidwa ndi chinthu m'matope a kumunda wa mpunga masabata angapo m'mbuyomo. Sanatiuze chifukwa silinkawawa. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumayenda ndi bala osamva kanthu.

Usiku umenewo mwana wanga analira, nandiuza kuti mu Januwale muja agogo ake anamuuza kuti auze adokotala zoti mapazi amachita dzanzi ngati avala masokosi. Iye anaona ngati si nkhani, komanso anthu panja ankadandaula kuti akuchedwa, ndiye sananene. Sindinamukalipire. Katundu amene ndinamusenzetsa sanali wa mwana.

Tinagonekedwa sabata imodzi, bala silinasinthe, anatitumiza ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Kumeneko tinakhala masiku 19. Ndinkagona pansi pambali pa bedi, khanda ndinasiyira mlamu wanga, kuphika ndinkaphikira kumalo a odikirira odwala ndi makala ogula. Idi inatipeza m'wodi.

Apa ndinalakwitsanso, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero. Madokotala ananena kuti zala ziwiri ziyenera kudulidwa kuti apulumutse phazi. Anandifotokozera ine bwinobwino, n'kundipempha kuti ndiwafotokozere Mayi. Ndinawafotokozera m'Chichewa changa, ndikuloza phazi. Anati eya, anadinda chala papepala. Atatsitsimuka ku opaleshoni, tsiku lotsuka bala anayang'ana phazi lawo, anandiyang'ana ine, nafunsa kuti zala zawo zili kuti. Iwo anamva kuti akukachotsa zowola za pabala. Anatembenukira kukhoma, masiku awiri osandilankhula.

Amene anatiyanjanitsa ndi mayi wina wokolopa m'wodimo, wa ku Machinga. Anamva Mayi akudandaula okha m'Chiyao, anaika chokolopera pansi, anakhala pabedi n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi: chimene shuga ali, chifukwa chake bala silinkawawa, chimene chikanachitika zala zija akanazisiya. Anali m'wodi momwemo masiku onse aja. Ndikanangoimirira n'kufunsa kuti, "Kodi alipo wolankhula Chiyao muno?" akanapezeka tsiku loyamba. M'chipatala chachikulu simulephera kupezeka wokolopa, mlonda, namwino kapena wodikirira wodwala mnzanu wodziwa Chiyao, Chitonga, Chisena kapena Chitumbuka. Funsani musanadinditse munthu chala.

Za ndalama ndinene mosabisa. Chithandizo chenichenicho sitinalipire, koma zoyendera, chakudya, makala, mabandeji ndi mankhwala ena amene tinauzidwa kuti tikagule ku famase zinatidyera pafupifupi K310,000. Bambo a ana anatumiza K150,000 pa Mukuru. Ndinatenga katapila wa K50,000 wobweza K75,000. Zotsalazo ndinagulitsa mpunga ukadali m'munda kwa mavenda, pa mtengo umene ndikaukumbukira mutu umandipweteka. Koma chimene tinataya chachikulu si ndalama. Mwana wanga uja ndiye ankasamala azing'ono ake ine kulibe, ndipo titabwerako ankathandiza kutsuka bala ndi kuperekeza agogo ake. Anajomba pafupifupi teremu yonse, Sitandade 7 anabwereza. Agogo ake analephera sukulu pa zifukwa za nthawi yawo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulepheretsa mdzukulu wawo pa chifukwa cha matenda a agogo omwewo.

Titabwerera kumudzi, mu Meyi amayi a dawa anabwera kudzazonda. Tinakhala pamphasa, ndipo nditafotokoza za zala zija, nkhani zinayamba kutuluka. Wina anati bambo ake anapatsidwa mankhwala a BP, atatha anaona ngati achira, sanabwerereko, anadzafa ziwalo mbali imodzi. Wina anati mayi ake anasunga kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu m'chikwama miyezi inayi, akuganiza kuti ndi risiti. Aliyense ankaganiza kuti zinachitikira banja lake lokha, ndipo aliyense ankabisa chifukwa cha manyazi, poopa kuti anthu anena kuti kwawo ndi kosaphunzira.

Mayi amene anapulumutsa apongozi anga uja ndiye ananena kuti tisamangodandaula. Tinapita kwa amfumu, anavomera. Tinapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene Chiyao amangodziwa moni, ndipo anasangalala chifukwa naye ankavutika akamayenda m'makomo. Tinayamba anthu 11. Patapita miyezi iwiri amayi a Mvano anatipempha kulowa nawo, chifukwa kudooko kuli Atonga ndi Atumbuka amene anabwera ndi usodzi, ndipo nkhalamba zawo zimavutika chimodzimodzi. Poyamba ena mwa ife anakayika zosakanikirana ndi a tchalitchi, koma mzere wa kuchipatala ndi umodzi, tinavomerezana.

Chimene tinagwirizana choyamba n'chakuti munthu wamkulu wosamva bwino Chichewa asapitenso kuchipatala yekha, ndipo asaperekezedwe ndi mwana wa sukulu. Timasinthana ife akuluakulu. Woperekeza akalowa amanena pakhomo pomwe mwaulemu kuti, "Awa samva bwino Chichewa, ndabwera kudzawamasulira." Ena ogwira ntchito poyamba sankakondwa kuona munthu wachiwiri m'chipinda, koma ukanena chonchi ambiri amakulandira, chifukwa nawonso ntchito imawapepukira. Asanatuluke, woperekeza ayenera kudziwa dzina la matenda, nthawi yomwera mankhwala ndiponso ngati amwedwe atadya kapena asanadye, zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, ndi tsiku lobwerera. Ngati Ramadhan yayandikira, amafunsanso za kufunga.

Koma chimene ndaona kuti chimagwira ntchito kuposa zonse ndi ichi: sitifunsanso kuti "mwamva?" Tikatuluka timakhala pabenchi panja, n'kumuuza wodwalayo kuti atifotokozere iyeyo, m'chilankhulo chake, mmene azimwera mankhwala. Pamenepo ndi pamene umadziwa chimene chalowa ndi chimene chatsala. Akalakwitsa ndipo nafenso takayika, timabwerera m'chipindamo, ngakhale anthu apamzere ang'ung'udze. Kenako timajambula mawu pa foni m'Chiyao kapena m'Chitonga, n'kutumiza pa WhatsApp kwa wachibale amene ali ndi foni pakhomopo, ngakhalenso kwa ana awo ali ku Joni, kuti onse amve chimodzi. Pa timapepala ta mankhwala timajambula dzuwa, mwezi ndi mbale.

Ku banki mkhonde yathu tinatsegula thumba la odwala, aliyense K300 pa sabata, la zoyendera ndi chakudya cha woperekeza, poti naye amakhala wasiya geni yake tsiku lonse. Tinagula kamakina koyezera shuga pa K35,000. Apa tinaphunzira mochedwa kuti kamakinako si kodula, zodula ndi timapepala take toyezera, timene timatha msanga ndipo mtundu wina sulowa m'makina a mtundu wina. Musanagule, funsani kaye ngati timapepala take timapezeka pa Salima pompano, osati ku Lilongwe kokha.

Sikuti zonse zayenda bwino. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zoyendera inakwera, ndipo pofika Januwale thumba linauma. Panabuka mkangano chifukwa banja lina linali litathandizidwa katatu pamene ena sanatengepo n'kamodzi komwe. Amayi awiri anatuluka m'gulu, mmodzi mpaka lero sitilankhulana bwino. Tinasintha lamulo kuti wothandizidwa azibweza theka akakolola kapena akalandira za ku Joni. Abambo nawo ndi ochepa kwambiri, alipo awiri okha, chonsecho nkhalamba yaimuna siingafotokoze za chikhodzodzo kapena za kumaliseche pamaso pa mkazi wa mwini. Ili ndi vuto limene sitinalithetse.

Nkhani ya kufunga inafuna a Shehe. Mayi ankadziwa kuti wodwala amaloledwa kusafunga, koma kwa iwo wodwala ndi amene wagona pamphasa osadzuka. Munthu woyenda yekha, wosesa pabwalo, angasiye bwanji swaumu, kufunga kwa Ramadhan? Ine ndikanena ankangoti eya, ndipo tsopano ndinkadziwa tanthauzo la eya ameneyo. Tinakapempha a Shehe, ndipo Ramadhan ya 2024 isanayambe analankhula pa Ijumaa m'Chiyao ndi m'Chichewa. Anafotokoza kuti mu Surat Al-Baqarah wodwala waloledwa kumasula n'kudzabweza masiku ena, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa moti sangathe kubweza amapereka fidiya, kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse limene sanafunge. Ananenanso kuti wodwala shuga aliyense akaonane ndi achipatala mwezi usanayambe, chifukwa ena amatha kufunga mankhwala awo akasinthidwa, ena sangathe. Kenako anabwera kunyumba kudzakhala ndi Mayi pakhonde. Adokotala anali atanena kale kuti iwo asafunge. Tsiku loyamba la mweziwo analira, akudya phala masana chitseko chili chotseka. Madzulo anandituma kuti ndiyeze mpunga wa fidiya, ndikapereke kwa mayi wina wamasiye wa kuseri kwa mzikiti.

Mwana wanga anabwerera ku sukulu ndipo sajombanso chifukwa cha odwala. Amayi anayi a m'gulu lathu analowa sukulu ya kwacha, Mayi nawo amapita mwa apo ndi apo. Kuwerenga mawu sanafike, koma manambala a tsiku lobwerera m'kabuku kawo amawazindikira okha. Ine ndinayamba kuphunzira Chiyao mwakhama, zimene ndinazengereza zaka 14. Mphunzitsi wanga ndi Mayi omwewo, usiku ndikamawaunika mapazi ndi tochi ya pa foni, kuyang'ana pakati pa zala ndi kuchidendene. Pamchenga wotentha sayendanso opanda nsapato, ndipo m'matope a mpunga tinawaletsa.

Mwezi watha ndinawaperekeza ku kiliniki ya shuga. Adokotala anasintha kamwedwe ka mankhwala ena, anafotokoza mofulumira, n'kufunsa kuti, "Mwamva, agogo?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma Mayi anandigwira bondo. Anati, "Ngwamba," kutanthauza ayi m'Chiyao, kenako m'Chichewa chawo chija, "Sindinamve, mwanangu. Bwerezani pang'onopang'ono." Adokotala anaika cholembera pansi, anakokera mpando pafupi, n'kuyambiranso.